Kodi aphorism ndi mwambi womwewu?

Wa ku Matawale: Akuluakulu, mawu a Chingerezi oti aphorism anachokera kuti? Ndipo powamasulira m'Chichewa, tingangoti mwambi basi?

Wa ku Chirunga: Anachokera ku Chigiriki, aphorismos. Muli zigawo ziwiri: apo, kutanthauza kupatula, ndi horizein, kulemba malire. Tsinde lake ndi horos, mwala umene ankauimika m'malire a munda kuti aliyense adziwe polekezera khasu. Mawu a Chingerezi oti horizon, malire pomwe thambo limaoneka ngati lakumana ndi dziko, anatulukanso pomwepo. Mukadabwa kuti o wa apo wapita kuti, amagwa akakumana ndi mawu oyamba ndi mpweya wa h, ndipo p ndi h zimalumikizana kukhala ph. Choncho poyambirira sankanena za nzeru za akulu ayi, koma kuidulira mfundo malire kuti ikwane m'chiganizo chimodzi.

Mayi a ku Chinamwali: Ndiwonjezereko, bambo. Amene anatchukitsa mawuwa ndi asing'anga. Buku la Aphorisms, lomwe limatchulidwa m'dzina la Hippocrates, sing'anga wa ku chilumba cha Kos ku Girisi, wobadwa cha m'ma 460 BC, lili ndi magawo 7 a timfundo tachidule ta matenda, zakudya ndi nyengo. Kamfundo koyamba kamati moyo ndi waufupi koma luso ndi lalitali. Apa ambiri amaphonya. Mawu a Chigiriki ndi techne, ndipo akunena luso la kuchiritsa, osati kujambula kapena kuimba. Chisokonezochi chinabwera kudzera m'Chilatini, momwe anamasulira kuti ars, mawu amene anabala art wa m'Chingerezi. Mfundo yake njakuti munthu amakalamba asanamalize kuphunzira ntchito ya using'anga.

Wa ku Sadzi: Pa kumasulira, musathamangire mwambi. Yesani zinthu ziwiri. Kodi mwini mawuwo akudziwika? Aphorism imakhala ndi woilemba, pomwe “mutu umodzi susenza denga” ndi wa tonse, n'chifukwa chake timayamba ndi “akuluakulu amati”. Kenaka onani ngati tanthauzo laphimbika. Mwambi umanena za denga pomwe nkhani ndi kuthandizana, koma aphorism nthawi zambiri imalasa pachindunji. Chining'a ndiye chisakusokonezeni n'komwe, chifukwa “kutsina khutu” si chiganizo chathunthu. Ine ndingalembe kuti “mfundo yachidule yanzeru”, n'kutchula mwini wake pomwepo.

Wa ku Matawale: Zikomo kwambiri nonse. Ya techne ija ndiye ndinali nditaiphonyadi.