Gulu la Banja Lathu: zogula za phwando la Tadala lomaliza maphunziro a unamwino ku UK

Malume (Leicester): Mwaswera bwanji nonse. Holo ya kutchalitchi ija atilola, Loweruka la sabata yamawa kuyambira 1 koloko mpaka 7. Ndawerenga mayina, tili anthu 60 kuphatikiza ana ndi anzake a Tadala amene aphunzira nawo unamwino. Msonkhamsonkha wa zakudya wafika £540. Tsopano tigwirizane kuti tikagula chiyani, kuti, ndipo akagula ndani.

Mayi a Tadala: Zikomo achimwene. Ine maganizo anga ndi akuti katundu wambiri tikatenge kusitolo yotchipa ya Aldi: nkhuku, mafuta, anyezi, tomato, kabichi, mbatatesi, fulawa wa mandasi, zakumwa. Zimene kulibe zokha ndi zomwe tikasakesake kwina.

Azakhali (Coventry): Alamu, ndiyankhuleko. Mwana wavutika zaka zitatu, usiku osagona. Kubwera abusa, kubwera azungu anzake. Patebulo pakhale zinthu zoti munthu akaona dzina azizindikira. Kunyumba tingadye zotchipa, koma pamaso pa alendo?

Bambo a Tadala: Achemwali, mawu anu ndi omveka. Tiyeni timve kaye mbali inayo.

Mayi a Tadala: Alamu, nkhawa yanu ndaimva ndipo sindikuipeputsa. Inenso ndikufuna mwana alemekezeke. Koma taganizani: nkhuku ikaphikidwa ndi manja anu aja, ndani adzafunse za paketi? Tsiku la ubatizo wa mdzukulu wanu chaka chatha, ntchafu zonse zija zinali za Ashfields za ku Aldi, ndipo mbale zinabwera zoyera. Papaketi pake pali chizindikiro cha Red Tractor chotsimikizira ulimi wotsatira miyezo, chomwecho chimene mumachiona m'masitolo enawo. Ndi nkhuku zoweteredwa konkuno.

Azakhali (Coventry): Zija zinali za ku Aldi?

Mayi a Tadala: Zonse. Ndi mayonezi a Bramwells amene tinaika mu saladi ya kabichi.

Yamikani (Nottingham): Amayi, anti akunena zoona. Kutchipako si kuti zinthu n'zachabe. Sasunga mitundu 10 ya chinthu chimodzi, katundu amamuika pashelefu ali m'makatoni ake, antchito ndi ochepa, ndipo zambiri ndi za mayina awoawo. Ndalama zimapulumukira pamenepo.

Malume (Leicester): Ine sitolo imeneyi ndinayamba kulowamo kalekale, anthu ambiri akadali kuichitira manyazi. Ndi ya ku Germany, anaiyambitsa pachibale, Karl ndi Theo Albrecht, ndipo kuno inayambira ku Birmingham mu 1990. Lero mukaima panja pake muona magalimoto amtundu uliwonse. Komabe achemwali a ku Coventry akhudza nkhani yeniyeni: ulemu wa mwana uonekere pati? Ine ndikuti uonekere pa chakudya chakwathu. Nsima yabwino, mbuzi, nsomba, thobwa. Zimenezo ndiye zodula, ndipo pamenepo tisaumire.

Azakhali (Coventry): Ngati ndi choncho ndavomera. Koma keke musandikanize. Imeneyo ndiphika ndekha, ndipo zoikamo ndisankha ndekha.

Mayi a Tadala: Keke ndi yanu alamu, palibe angalowererepo.

Tadala: Azakhali, ikhale ya chokoleti ija chonde 🙏 Ndipo yesani chokoleti cha Moser Roth chakuda, n'cha ku Aldi komweko. Ndimagulira anzanga a ku wodi, amachikonda zedi.

Azakhali (Coventry): Chabwino mwanawe, ndilawa kaye ndisanalonjeze.

Mayi a Tadala: Tsono ndinene mmene ndimachitira, chifukwa amene apite akufunika kudziwa. Choyamba musamangoona mtengo waukulu uja. Pansi pake pali timanambala tating'ono tonena mtengo pa kilogalamu kapena pa magalamu 100. Pamenepo ndi pomwe mumadziwira ngati paketi yaikulu ikupindulitsadi, chifukwa si nthawi zonse. Nkhuku tengani ntchafu ndi miyendo za mafupa, osati chidali. Chidali n'chodula ndipo pamakala chimauma msanga. Madzulo sitolo ili pafupi kutseka amamata zomata zofiira pa nyama imene tsiku lake lafika, mtengo n'kutsika kwambiri. Ine ndikaweruka ndizidzera konko sabata yonseyi, ndikapeza ndizitenga n'kuponya mufiriza usiku womwewo.

Bambo a Tadala: Mufiriza mwathu malo atsala ochepa. Alamu, mwanu muja?

Malume (Leicester): Mwanga muli malo. Bweretsani.

Tadala: Pamenepo ndiikepo za kusukulu. Paketi ikalembedwa "use by", tsikulo likadutsa musadye ngakhale ikununkhira bwino. Mukafuna kusunga, iikeni mufiriza tsikulo lisanadutse. Ikalembedwa "best before" ndi nkhani ya kakomedwe chabe, mabisiketi kapena mpunga sizingakudwalitseni. Ndipo nkhuku tidzaitsitsire m'firiji Lachinayi usiku kuti isungunukire momwemo, osati pasinki. Anthu 60 si masewera.

Malume (Leicester): Anamwino ayankhula, tamva 👏

Yamikani (Nottingham): Ine ndine wa sitolo ya Lidl. Ndili ndi apu yawo ya Lidl Plus pafoni, sabata iliyonse mumabwera makuponi, umangoonetsa foni polipira. Mabanzi ndi buledi wa m'bekale mwawo mulibe mnzake, ndidzatenga Loweruka m'mawa akadali otentha. Komanso ukalawira umapeza mabokosi a Too Good To Waste, masamba ndi zipatso zopunduka pang'ono, pafupifupi makilogalamu 5 pa ndalama yochepa. Kungoti sudziwiratu zomwe zili m'bokosimo, ndiye tisawadalire.

Mayi a Tadala: Ukawapeza tenga, zipatsozo tidulira ana. Ku Aldi kuli Super 6, masamba ndi zipatso mitundu 6 imene amaitsitsa mtengo, ndipo amasintha pakatha masabata awiri. Ndiona Lachinayi kuti mwalowa chiyani. Mukakhala tomato kapena tsabola wobiriwira ndiye tachita mwayi.

Azakhali (Coventry): Nanga ndiwo zamasamba? Phwando lopanda zotendera ine ayi.

Mayi a Tadala: Apa ndiye pamene ndimaikondera sitoloyi. Masamba otchedwa kale, oduladula aja a m'mapaketi, kapena spring greens, mukachotsa mitsitsi yolimba n'kudulanso mopyapyala, amafika pafupi ndi repu. Nsinjiro ndimachita pawiri. Ndikakhala ndi nthawi ndimagula mtedza wosakazinga kwa amwenye n'kugaya ndekha. Ndikakhala pachangu ndimatenga chiponde, koma muwerenge kumbuyo kwa botolo, chikhale cha mtedza wokhawokha. Chothira shuga chimaononga ndiwo, zimakoma ngati phala la mwana.

Azakhali (Coventry): Pa tsikuli tigaye mtedza weniweni. Ndibwera Lachisanu ndi chogayira changa.

Tadala: Ndipo mbale ya zotendera tiilembe chikwangwani kuti muli mtedza, ikhale payokha ndi chipande chakechake. Mnzanga mmodzi thupi lake limadana ndi mtedza koopsa. Awiri ena ndi Asilamu.

Malume (Leicester): Wachita bwino kunena. Ndiye mbuzi ndi nkhuku zolimba zija, zonga za lokolo, ndikagula kubutchala ya halaal ku Evington Road. Ndikatenganso nkhuku zina zowotcha komweko, tidzaziwotchere pa waya wakewake. Masoseji a nkhumba chaka chino tisiye.

Bambo a Tadala: Tavomera. Ufa ndi wanga. Ku Aldi ndi ku Lidl ufa wa nsima mulibe, ndipita kusitolo ya zakudya za ku Africa kukatenga ufa wa Iwisa, thumba la makilogalamu 10. Ndikayang'ananso Nali. Nsomba nditenga tilapia wamphumphu wa mufiriza, ndi amene amatikumbutsa chambo.

Mayi a Tadala: Mpunganso muutenge mbali yomweyo bambo. Timapaketi ta kilogalamu imodzi ta ku Aldi n'tabwino pakhomo, koma pa gulu chonchi thumba la basmati la makilogalamu 10 kwa amwenye. Muyerekeze mtengo pa kilo musanalipire.

Mayi aang'ono (Lilongwe): Ndikungowerenga kuno ndikumeza malovu. Akulu, mukanati mundiuze msanga ndikanakutumizirani Kilombero ndi chimera cha mawere.

Mayi a Tadala: Chimera unatipatsa ulendo uja chikadalipo mng'ono wanga, ndinachisungira tsiku lomweli. Thobwa liphikidwa Lachisanu. Amayi ali bwanji?

Mayi aang'ono (Lilongwe): Ndinali nawo ku Ntcheu dzana. Ali bwino, mwendo wokhawo. Chithunzi cha Tadala atavala gauni aonetsa mudzi wonse. Akuti mdzukulu wawo azidzawabaya jakisoni yekha.

Tadala: Agogo anga 😭❤️

Malume (Leicester): Apa pandibweretsera ganizo. Tikagula mosamala monga akunenera achemwali, pa £540 paja pakhoza kutsala ina. Yotsalayo tisaibweze m'matumba. Titumize ku Ntcheu agule mbuzi, mpunga ndi Sobo, nawonso adye tsiku lomwelo. Mwanayu anayambira kukwawa pakhonde la amayi.

Azakhali (Coventry): Zimenezo zandikhudza alamu. Ngati n'choncho, zakumwa za mayina zija ndinkafuna zisiyeni. Tengani za ku Aldi zomwezo.

Mayi a Tadala: Titenga Vive ya mandimu ndi ya malalanje, madzi, ndi juwisi wa ana. Coca-Cola mabotolo angapo a akuluakulu amene anazolowera, imeneyo ikhalepo ndithu. Thobwa lidzatseka pena ponse.

Mayi aang'ono (Lilongwe): Mukatumiza ndipita ndekha Lachisanu, mbuzi ndikasankhe ndi maso anga. Ndidzakuimbirani pa video nthawi ya chakudya.

Yamikani (Nottingham): Malume, makala ndi mbale zotaya?

Malume (Leicester): Makala nyengo ino amakhala nawo, koma dzuwa likangowala Loweruka amatha msanga. Ndigula mawa. Pakati pa sitolo paja, pa Specialbuys, katundu watsopano amabwera Lachinayi ndi Lamlungu, ndipo akatha sabweranso. Ndiona ngati pali zosungiramo chakudya kuti chisazizire. Koma amene mupite Lachinayi, pamenepo dutsani ndi ndandanda m'manja. Ndalama ya gulu igule zokhazo talemba.

Bambo a Tadala: Lamlungu bwanji tikachoka kutchalitchi, osangomaliziratu zouma?

Mayi a Tadala: Lamlungu masitolo akuluakulu kuno lamulo limawalola maola 6 okha, yathu ija imatseka 4 koloko. Mapemphero athu mukuwadziwa, tidzafika zitseko zikutsekedwa. Zouma tigule Lachiwiri m'mawa ndili pa ofu, anthu amakhala ochepa. Masamba ndi tomato Lachinayi.

Azakhali (Coventry): Ine Lachinayi ndibwera ndikuperekezeni, ndione ndekha. Ndikatenge batala ndi mazira a keke komweko.

Mayi a Tadala: Mwandisangalatsa alamu. Mubwere ndi ndalama yachitsulo ya £1 yomasulira troli, imabwerera mukaibweza. Zikwama tinyamule zathu, majumbo amagulitsa. Ndipo polipira musadabwe, amathamangitsa katundu kwambiri. Musalongedze pomwepo, bwezerani zonse mutroli, tikalongedzera pa shelefu yaitali ili chakukhomo.

Yamikani (Nottingham): Fulawa wa mandasi angati anti? Ndikhoza kutenga ine ku Lidl.

Mayi a Tadala: Mapaketi 4 a makilogalamu 1.5, shuga 2, yisiti, ndi mkaka. Mafuta usatenge, ndigula pamodzi ndi ophikira.

Malume (Leicester): Chabwino. Aliyense akagula ajambule lisiti aponye pano, ndimubwezera tsiku lomwelo. Lachinayi usiku ndiwonkhetsa zonse, yotsalayo ndikutumizira mng'ono wathu ku Lilongwe isanakwane 9 koloko.

Mayi aang'ono (Lilongwe): Nambala ndi yomwe ija achimwene. Amayi ndiwauze kapena tiwadzidzimutse?

Tadala: Auzeni mayi aang'ono, aitaniretu anzawo a kumvano.

Mayi aang'ono (Lilongwe): Ndiwaimbira pompano asanagone.