Makhadi a mpikisano wa zithunzi za mapulaneti: maenje akuoneka ngati timapiri

Mphunzitsi wa fizikisi (woyambitsa nkhani)

Aphunzitsi anzanga, ndigawireniko nzeru. Kalabu yathu ya sayansi ikukonza mpikisano wa mafunso. Timaonetsa chithunzi chojambulidwa ndi chombo cha mumlengalenga, gulu n'kunena kuti ndi chiyani komanso chili pa pulaneti kapena mwezi uti. Poyeserera pabuka mkangano pa khadi la pa Mwezi, chithunzi cha chombo cha Lunar Reconnaissance Orbiter. Pepala la mayankho likuti maenje, ana akukanitsitsa kuti ndi timapiri totukuka, ndipo kunena zoona pa pepalapo n'zotukukadi. Khadi lina ndi la pulaneti ya Mercury, aliyense akungoti Mwezi. Ndingowachotsa awiriwa, kapena pali njira?

Mphunzitsi wa jiyogirafe

Musachotse, madam. Lizondotseni khadilo, kumwamba kupite kunsi, kenako mutiuze. Maso athu anazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba. Chithunzi chikakhala kuti dzuwa likuwalira kuchokera kunsi kwa pepala, ubongo umawerenga mithunzi mozondoka, dzenje n'kutukuka, phiri n'kulowa pansi. Ife timalimbana nazo pa mapu a mapiri. N'chifukwa chake ojambula mapu amaika kuwala kuchokera kumwamba chakumanzere.

Mphunzitsi wa fizikisi

Abale inu! Ndazondotsa, onse alowa pansi. Ndiye ndingotembenuza makhadi onse kuti kuwala kuzichokera kumwamba?

Mphunzitsi wopuma pantchito

Ambiriwo tembenuzani, mwana wanga, koma limodzi mulisiye lili chomwecho. Limenelo ndiye funso labwino kuposa onse, bola ana akhale ndi pogwira. Jambulani kamuvi pakona ya khadi kosonyeza komwe dzuwa lili. Lamulo lake n'lalifupi: m'dzenje mthunzi umakhala mbali yomwe kuli dzuwa, chifukwa mlomo wa dzenjelo ndi umene watchinga kuwala, ndipo khoma lowala ndi la kutsidya. Pa phiri n'zosemphana, mbali yoyang'ana dzuwa ndiyo yowala, mthunzi umagwera kuseri.

Musawauze pakamwa pokha. Tsekani makatani, ikani mbale yakuya patebulo, muunikire ndi tochi kuchokera m'mbali, tochiyo ikhale pafupi ndi tebulo. Aone mdima uli m'kati chakufupi ndi tochi. Kenako vundikirani mbaleyo, tochi osaisuntha. Mthunzi udumphira mbali inayo iwo akuona. Mwana amene wazungulira tebulolo n'kuona yekha simudzakangana naye pa khadi lija.

Mphunzitsi wa jiyogirafe

Ndagwirizana nanu, bambo, koma kamuviko madam akatenge m'mawu ofotokozera chithunzi ngati alembamo komwe dzuwa lili. Ngati sanalembe, ayang'ane timabowo ting'onoting'ono tozungulira tomwe tamwazikana paliponse. Pa Mwezi pafupifupi tonseto ndi maenje, ndiye timaulula komwe kuwala kukuchokera.

Za Mercury ine ndili kumbali ya ana. Ngati khadilo ndi kachigawo ka maenje okhaokha kotuwa, funsolo n'lopanda chilungamo, ngakhale ife tingalephere. Sankhani chithunzi chokhala ndi chizindikiro cha Mercury yekha. Pulanetiyi itazizira m'kati inafota pang'ono, nthaka yake n'kukwinyika ngati khungu la chipatso chouma, ndiye pali maphompho aataliatali odutsa pakati pa maenje. Discovery Rupes ndi limodzi, chombo cha Mariner 10 chinalijambula pa maulendo ake a 1974 ndi 1975. Zithunzi za chombo cha MESSENGER, chomwe chinazungulira Mercury kuyambira 2011 mpaka 2015, n'zooneka bwino koposa. Mwana akaona dzenje lodulidwa pakati ndi phompho, mbali ina yakwera pamwamba pa inzake, ali ndi chifukwa chonenera Mercury. Pa Mwezi maphompho otere alipo koma ndi aang'ono kwambiri.

Khadi la Mwezi likhale ndi madera akuda osalala aja a chiphalaphala chakale. Mungosamala, mbali ya kuseri ya Mwezi ili nawo ochepa kwambiri, zimene zinaoneka koyamba pa zithunzi za chombo cha Luna 3 mu 1959. Chithunzi cha kuseriko chingakubwezereni mkangano womwewu.

Woyang'anira labu

Ndilowepo pa za mitundu, chifukwa amene amasindikiza makhadi otere ndife. Zithunzi zambiri zokongola sizili mmene diso lingaonere. Za Venus za Magellan, chombo chomwe chinagwira ntchito kumeneko kuyambira 1990 mpaka 1994, ndi za rada (chipangizo chojambula ndi mafunde a wailesi), popeza mitambo ya Venus siilola kamera wamba kuona pansi. Pa rada powala ndi pokhakhala, pakuda ndi posalala, ndipo mtundu wa lalanje uja anachita kupakapo potengera zithunzi za zombo za Venera 13 ndi 14 zomwe zinatera pa Venus. Nyanja za pa Titan, mwezi wa Saturn, chimodzimodzi, ndi rada ya chombo cha Cassini. Zikapakidwa buluu mwana amati madzi, chonsecho ndi methane ndi ethane. Ngakhale milu ya mchenga ya pa Mars ya kamera ya HiRISE imatuluka yabuluu chifukwa mitundu anaikoleza dala. Mwana amene analoweza kuti Mars ndi wofiira agwa pomwepo. Lembani pansi pa khadi lililonse: kamera kapena rada, mitundu yeniyeni kapena yokolezedwa.

Komanso chonde musachite fotokope ya fotokope. Mithunzi yonse imasanduka chikuda chimodzi, lamulo la bambo lija osagwiranso ntchito.

Mphunzitsi wa fizikisi

Zikomo achimwene. Zimenezi zandikumbutsa khadi la Olympus Mons, chiphiri chophulika cha pa Mars. Ndinadula pansonga pokha, ana akuti ndi dzenje logwetsedwa ndi mwala.

Mphunzitsi wopuma pantchito

Sakulakwa kwenikweni, pa khadipo palibe chowauza kukula kwake. Phiri limenelo n'lotalika pafupifupi makilomita 22, m'lifupi pafupifupi 600. Lionetseni lonse ndi tsinde lake, ndipo khadi lililonse likhale ndi kamzere ka muyeso. Akatero aona kuti dzenjelo lili pansonga pa phiri, ndipo ndi maenje angapo olowana, pomwe nthaka inatitimira chiphalaphala chitaphwa pansi pake. Logwetsedwa ndi mwala limakhala ndi zinyalala zomwazikira kunja, ndipo likakhala lalikulu ngati Tycho wa pa Mwezi, wa makilomita pafupifupi 85 m'lifupi, pakati pake pamakhala kaphiri.

Ine ndikanasinthanso kagawidwe ka malikisi. Wotchula dzina la malo apeze limodzi, wofotokoza chifukwa chake apeze awiri. Woloweza mayina apeze pang'ono, koma amene wanena kuti chigwa cha Sputnik Planitia pa Pluto n'chatsopano poti chilibe maenje ogwetsedwa ndi miyala apeze zambiri, ngakhale dzinalo limuthawe.

Mphunzitsi wa jiyogirafe

Mukafuna loseketsa lothetsera mpikisano, ikani nkhope ija ya ku Cydonia pa Mars. Chombo cha Viking 1 chinaijambula mu 1976 dzuwa lili pansi, mithunzi n'kupanga maso ndi pakamwa. Pambali pake muike chithunzi cha Mars Global Surveyor cha 2001, pomwe pakungooneka phiri lophwathalala.

Mphunzitsi wa fizikisi

Limenelo lalowa. La Mercury ndasintha, ndapeza la phompho lodula dzenje. Za malikisi ndikambirana ndi anzanga oweruza, poti kuweruza chifukwa kumachedwetsa kuposa kuweruza dzina, ndipo magulu ndi ambiri. Achimwene a ku labu, ndisindikize pa pepala lonyezimira kapena wamba?

Woyang'anira labu

Wamba lokhuthala, madam. Lonyezimira limathwanima ndi magetsi a m'holo, okhala kumbuyo saona mithunzi. Kumbuyo kwa khadi lililonse lembani "kumwamba" ndi pensulo, kuti wonyamula asalizondotse poonetsa. Za oweruza, alembereni zifukwa ziwiri zovomerezeka pa khadi lililonse, azingochonga.