Mtsempha woyamba wa magazi mu mluza umachokera kuti?

Wophunzira_Unamwino: Akuluakulu amene munadutsa kale mu embryology (phunziro la kakulidwe ka mluza), ndithandizeni. Timaphunzira kuti mtsempha watsopano umaphukira pa wakale. Nanga woyamba weniweniwo umaphukira pa chiyani, poti nthawi imeneyo mtima nawo sunapangike?

Aphunzitsi_a_Anatomy: Woyambawo suphukira pa china chilichonse, umaumbika pamalo pomwepo. Imeneyo ndiye vasculogenesis, ndipo imayambira kunja kwa thupi la mluza, pa khoma la yolk sac (kathumba kolumikizana ndi mluza), cha pa tsiku la 17 dzira litakumana ndi umuna. Maselo a mesoderm (gawo la pakati mwa magawo atatu a maselo a mluza) amaunjikana timagulu totchedwa blood islands. A m'mphepete mwa kagulu amaphwatalala n'kukhala endothelium (maselo oyala m'kati mwa mtsempha), a pakati amasanduka maselo ofiira oyambirira, omwe amakhala ndi nucleus, mosiyana ndi a munthu wamkulu. Timagulu toyandikana timalumikizana n'kupanga ukonde wa timachubu. Patangopita tsiku limodzi kapena awiri, zomwezi zimayamba m'kati mwa mluza, ndipo mumatuluka ma dorsal aorta awiri, mitsempha ikuluikulu ya kumsana kwa mluza. Kuphukira kumene mukunenako ndi angiogenesis, kumabwera pambuyo. Zimafulumira chonchi chifukwa dzira la munthu lilibe chakudya chokwanira, ndipo oxygen singalowerere yokha m'minofu kupitirira pafupifupi 0.2 mm.

Mzamba_wa_Sikani: Muchenjere ndi kawerengedwe ka masiku, ambiri amagwera pamenepa pa mayeso. Kusikelo timawerenga kuchokera pa tsiku loyamba la msambo womaliza, ndiye muziwonjezera masiku 14. Tsiku la 17 ndi mimba ya masabata 4 ndi masiku 3. Mtima umayamba kugunda cha pa tsiku la 22, koma pa sikani timakuona kugundako pakati pakafika pafupifupi masabata 6.

Aphunzitsi_a_Anatomy: Zoonadi, amayi. Magazi akayamba kuyenda, ukonde uja umasintha: timachubu todutsa magazi ambiri timakula, tosadutsa kanthu timafota. Kupanga magazi nako kumasamuka, pofika sabata la 6 kumakhala kuli m'chiwindi, kenako m'mafupa.

Wa_Labotale: Pa zimene zingalakwike popanga mitsempha, VEGF, puloteni yolimbikitsa mitsempha kukula, ndiye mwini nkhani. Imakakamira pa VEGFR2, cholandirira chake cha pa maselo, n'kuchititsa maselo a endothelium kuchulukana ndi kupanga chubu. Mbewa yopanda VEGFR2 sipanga n'komwe blood islands, imafera m'mimba cha pa tsiku la 9. Mu 1996 zinapezekanso kuti kuchotsa kope limodzi lokha la jini ya VEGF kumapha mluza wa mbewa. Chubu chikapangika chimafunanso puloteni ina, PDGF-B, kuti ikoke maselo odzachikuta otchedwa ma pericyte. Popanda iwo mtsempha umafufuma n'kumatuluka magazi. Mwa anthu, taonani mankhwala a thalidomide: amaononga timitsempha tanthete tongophuka kumene, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene ana ankabadwira ndi manja ndi miyendo yaifupi mayi akamwa mankhwalawa pakati pa tsiku la 20 ndi la 36 dzira litakumana ndi umuna. Nthawi imeneyo amayi ambiri amakhala asanapite n'komwe kusikelo.