Ndisiye fodya ndilime soya?

Mlimi wa ku Domwe:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi mahekitala awiri kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique. Imodzi ndi ya chimanga, imeneyo sindiyikhudza. Inayo ndakhala ndikulimapo fodya zaka 5, pa ngongole ya kampani. Chaka chino atadula za mbewu, feteleza ndi mankhwala, zotsala sizinakwane malata a nyumba. Chonsecho nazale ndinayamba kuthirira mvula isanaganize zobwera, ana akusoka masamba mpaka usiku, zala zili bii. Mtima wanga uli pa soya. Ndikulakwitsa?

Nachisale wa ku Ulongwe:
Achimwene, chopweteka pa fodya kuno n'chakuti wogula ndi mmodzi. Boma limapatsa kampani dera lakelake, ndiye akati belo lanu ndi la giledi yotsika, mupita nalo kuti? Soya ogula ndi ambiri, mavenda amapachika masikelo paliponse, uyu akakunyozani mumapita kwa uyo. Koma tonse timakolola nthawi imodzi, cha m'ma Epulo ndi Meyi, soya amangoti mbwee pamsika, mtengo n'kugwa. Ine chaka chatha matumba 6 ndinawasunga mpaka Okutobala. Ndinagulitsa bwino ndithu, kungoti za sukulu ya mwana ndinachita kukongola podikirapo.

Wa geni pa Calómuè, m'malire ndi Malawi:
Musamadalire kwambiri ogula ochokera ku Dedza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anzathu aja akasintha ndalama ankapeza metikali yochepa, ndipo amene ankanditenga matumba khumi anayamba kutenga anayi.

Gogo Jere, Tsangano:
Mwananga, werengeraninso ichi. Pa fodya feteleza mumalandira mulibe kanthu m'thumba, ndipo wotsalira m'nthaka amapindulira chimanga mukabzalapo chaka chinacho. Mukasiya, feteleza wa chimanga mugula ndi ndalama yanu mu Novembala, nthawi imene nkhokwe yayamba kuoneka pansi. Soya naye ali ndi zake zabwino: safuna chigafa, salira manja ambiri, ndipo amasiya nthaka ili ndi chonde. Ndikadakhala ine, hekitalayo ndikadaidula pakati chaka choyamba, ndione mbali yomwe yabweza thukuta.

Mlimi wa ku Domwe:
Zikomo agogo, za feteleza wa chimanga sindinaziwerengere. Theka la fodya tingalikwanitse ndi mayi a kunyumba, ana osawagoneka mochedwa. Anachisale, soya wanu munamusunga bwanji kuti asachite nkhungu? Nyumba yanga imadontha.