Ahedi athu ndi ofatsa mopyola muyeso, titani?

Aphunzitsi anzanga muli pano ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa pa pulaimale ina, dzina sinditchula. Ahedi athu ndi munthu waulemu, sakalipira aliyense, koma palibe chomwe amatsata. Buku losaina m'mawa lija munthu amalemba 7:00 atafika 9 koloko iwo akuona. Masikimu ndi malesoni pulani (zomwe timalemba pokonzekera kuphunzitsa) amangosaina osatsegula nkomwe, moti ena anasiya kalekale kulemba. Miting'i ya aphunzitsi timaiona pokhapokha zikamveka kuti alangizi a zamaphunziro oyendera masukulu akubwera.

Za aulesiwo ndinazolowera, chikundiwawa ine ndi kuona anthu amene ankalimbikira akugwa ulesi mmodzimmodzi. Amayi ena a sitandade 1 ankalawirira, kupanga okha zipangizo zophunzitsira, pano akuti ndizivutikiranji poti wogwira ntchito ndi wongokhala tonse tikuonedwa chimodzimodzi. Ndiye wina akajomba ana ake amatiunjikira ife amene tabwera, makalasi awiri munthu mmodzi, kuchonga mpaka mutu kuwawa, mawa lake mwini kalasi akubwera akuseka osafunsidwa ngakhale kuti munali kuti. Ana nawonso anaziona kale izi, pa buleki ena amapitiratu kwawo. Ukadzudzula mwana wamwano kholo likabwera molusa, ahedi amakutaya pomwepo kuti nkhani ithe msanga.

Ndiwauze ndekha mu ofesi, tidzere kwa adepute, kapena tikanene kwa alangizi? Ndikuopa azindinena kuti ndikufuna mpando wawo.

Mayankho:

– Aphunzitsi musapite nokha, zidzaoneka ngati chidani. Pezani anzanu angapo mupemphe miting'i, ndipo musakayambe ndi kuwanena iwowo, mukapemphe zinthu zooneka: ndandanda ya wolowa m'kalasi wina akajomba, komanso mzere wofiira m'buku losaina nthawi ikakwana.

– Kwathu zinali chonchi. Tinadzazindikira kuti ahediwo ankaopa aphunzitsi akale amene anawapeza pasukulupo. Adepute ndi akulu a zigawo za makalasi atapatsidwa mphamvu zoona masikimu zinasinthako, osati kwambiri koma zinasinthako.

– Ine ndine hedi. Ambirife timangoikidwa pampando osaphunzitsidwa utsogoleri, komanso tilibe mphamvu yochotsa munthu ntchito, timangolemba lipoti. Kwa alangizi mupite mukalephera zamkati, mutanyamula madeti a masiku amene makalasi anakhala opanda mphunzitsi, osati mphekesera.

– Zikomo nonse. Nanga adepute akakhala kuti ndi amodzi mwa ochedwawo?