Paipi ya thanki ya mbuna ikuliza mkonono, alendo sakugona

Wamagalasi wa pa Kamuzu Road: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse? Ine zandikwana. Mwezi watha ndinamangira bwana wina wa malo ogona alendo ku Senga Bay thanki ya mbuna, masentimita 180 mulitali, 60 mulifupi, 60 msinkhu, ndiye kuti malita pafupifupi 650. Pakona pali bokosi la overflow, lomwe madzi osefukira pamwamba pa thanki amagweramo, pansi pa bokosilo pali mabowo awiri: lina la paipi ya 32 mm yotsitsa madzi ku sump (kathanki kosefera madzi ka pansi m'kabati, momwe mumakhala pampu), lina la 25 mm lobwezera madzi kuchokera ku pampu. Madzi ali mbee, nsomba zikudya bwino, ina yafungatira kale mazira mkamwa. Koma phokoso! Masana limabisala chifukwa cha wailesi ya pa bala. Usiku kukati zii, paipi imayamba khororo, khororo, kenako phwaa ngati wina wagejemula chimbudzi, ndipo imabwereza mphindi iliyonse. Chipinda choyamba chagundizana khoma ndi thankiyo. Bwana akuti alendo amabwera kudzamvera mafunde a nyanja, osati chimbudzi, ndipo ndalama yanga yotsala waigwira. Ndipange bwanji?

Pulambala wa ku Chipoka: Achimwene, imeneyo ndi yophweka. Ikani valavu pa paipi yotsitsayo, muzitseka pang'onopang'ono mpaka itasiya kulira. Kapena lowetsani chingwe cha nayiloni mkati, madzi azitsetsereka nacho.

Madala a ku Nkhotakota: Ayi, aphwanga, valavu pa paipi yomwe ili yokhayokha musayerekeze. Ine ndinapangapo, ndipo sindidzaiwala. Inalidi chete masabata atatu, ndinkayenda modzitama. Tsiku lina kankhono kamodzi, kochepa ngati njere ya chimanga, kanakakhala pakhosi pa valavu. Pampu siidziwa kuti kutsogolo kwatsekeka, imangopopa. Mwini nyumba anandiimbira mbandakucha, madzi atadzaza pabalaza, mphasa ndi mabuku a ana zikuyandama, pampu ikulira yopanda madzi. Chingwecho nachonso chimagwira ndere ndi zinyalala, mapeto ake ndi omwewo.

Tiyambe tamvetsa chimene chikulira. Madzi paokha salira m'paipi. Chimalira ndi mpweya umene wasakanikirana nawo. Paipi yanuyo madzi akachuluka imadzaza, n'kuyamba kukoka ngati mmene timakokera petulo m'chigubu ndi kapaipi. Ikakoka mwamphamvu madzi a m'bokosi amatsika msanga, pakamwa pa paipi pamakhala poyera, imameza mpweya, ndiye khororo uja. Kukokako kumaduka, madzi amakweranso, zimayambiranso. Ndiye njira zilipo ziwiri basi. Mwina madzi achepe kwambiri kuti azitsetsereka m'mbali mwa paipi, mpweya ukhale ndi njira yake pakati. Apo ayi paipi idzaze madzi okhaokha, mpweya usalowemo n'komwe. Panopa muli pakatikati, n'chifukwa chake ikuliza mkonono.

Tatiuzani, pampu ndi yaikulu bwanji?

Wamagalasi wa pa Kamuzu Road: Pa katoni analemba malita 4,500 pa ola, madala. Ndinagula yaikulu dala poti mbuna zimakonda madzi oyendayenda.

Mayi wa Mbuna ku Senga Bay: Za pa katoni zisiyeni, achimwene, nambala imeneyo ndi ya pampu isanakweze madzi m'mwamba. Tengani ndowa ya malita 20, ikani kumapeto kwa paipi yotsitsa, muwerenge nthawi pa foni. Ikadzaza pa masekondi 20 ndiye kuti mukuyendetsa malita 3,600 pa ola, pa masekondi 30 ndi 2,400. Kwa ine madzi odutsa mu sump akakhala kuwirikiza katatu mpaka kasanu kukula kwa thanki pa ola, zakwana. Kwa inu ndi pakati pa 2,000 ndi 3,000 kapena kupitirira pang'ono. Mukafuna mafunde a mbuna, ikani kapampu kena mkati mwa thanki kuseri kwa miyala, osakakamiza madzi onse kudutsa m'paipi imodzi. Ndipo ngati mukufuna kuchepetsa, valavu ikhale pa paipi yotuluka ku pampu. Pamenepo palibe choopsa. Polowera madzi mu pampu musatsekepo.

Wamagalasi wa pa Kamuzu Road: Ndapita masana ano. Ndowa yadzaza pa masekondi 21. Manyazi andigwira.

Mnyamata wa Mapaipi: Pepani akulu, ine ndimayika paipi ya mtundu wa Durso pa mathanki anga ndipo imathandiza. Mumaimika paipi m'bokosi, yokulirapo kuposa bowo, monga ya 40 mm pa bowo la 32. Pamwamba mumaikapo tee (cholumikizira chooneka ngati T), mbali ina elbow (cholumikizira chokhota) yoyang'ana pansi kuti izimwa madzi pansi pa msinkhu, pamutu kapu. Pa kapuyo mumaboola kabowo ka mpweya, kuyamba ndi 1.5 mm, n'kumakulitsa pang'onopang'ono mpaka madzi a m'bokosi atasiya kukwera ndi kutsika. Kapuyo musamate guluu, chifukwa mukaboola mopitirira mudzafuna kusintha.

Madala a ku Nkhotakota: Mnyamatayu sakunama, Durso ndi yabwino pamene bowo lili limodzi ndipo madzi ndi ochepa. Koma imakhalabe ikusakaniza madzi ndi mpweya, ndiye kulira kumachoka m'mwamba n'kukatulukira ku sump, thovu lili bwibwibwi. Pabalaza pa munthu zimapirika. Kuseri kwa mutu wa mlendo amene walipira kuti agone, ayi.

Aphwanga, mwayi muli nawo simukuuona: mabowo anu ndi awiri. Chotsani paipi yobweza madzi pa bowo la 25 mm, muidutsitse kuseri kwa thanki, ikalowere pamwamba pa galasi. Mabowo onse awiri akhale otsitsa. Njira imeneyi amaitcha Herbie. La 25 mm likhale lokoka madzi okhaokha, paipi yake ifupike, pakamwa pake pakhale masentimita 12 kapena 15 pansi pa inzake, muvekepo kasefa kuti tiana ta mbuna tisalowe. Valavu ija a ku Chipoka amanena, malo ake ndi amenewa tsopano, chakumunsi kufupi ndi sump. La 32 mm likhale mlonda: paipi yoongoka, yotsegula, yopanda valavu, yopanda sefa, mutu wake masentimita awiri kapena atatu pansi pa mano a chipeso cha overflow, timipata tija ta pamwamba pa bokosi tolowera madzi. Muzitseka valavu pang'ono, n'kudikira mphindi zingapo, kutsekanso pang'ono, mpaka madzi a m'bokosi akwere n'kungonyambita mlomo wa mlondayo. Mukafika pamenepo mudzamva kuti zii. Phindu lina ndi lakuti madzi a m'bokosi akakhala m'mwamba chotero, aja ogwa kuchokera pa chipeso sagwanso patali, mathithi aja amatha.

Chokomera njira imeneyi n'chakuti tsiku limene nkhono idzatseke paipi yokokayo, madzi adzathawira kwa mlonda, ndipo mlonda amalira kwambiri. Phokosolo ndiye belu lanu.

Pulambala wa ku Chipoka: Ndagonja, madala. Koma pa valavu ndiwonjezereko. Ball valve ija ya chigwiriro chofiira imavuta kuyeza, ukangoikhudza yadumpha. Yabwino ndi gate valve, yotseka popotokola kagudumu, koma zimene zimapezeka msanga m'mahadiweya a kuno ndi zamkuwa, ndipo mkuwa m'madzi a nsomba ine sindiukhulupirira. Funafunani ya pulasitiki ku Lilongwe. Ikasowa, ball valve yomweyo, muziigogoda chigwiriro ndi chala m'malo moipotokola. Komanso ndione chithunzi cha pansi pa kabati.

Wamagalasi wa pa Kamuzu Road: Ndatumiza.

Pulambala wa ku Chipoka: Eee, achimwene, ma elbow a madigiri 90 atatu, ndi paipi yogona chopingasa pafupifupi theka la mita! Mpweya ukugona m'menemo. Dulani, muike a 45 awiri, paipi izitsika njira yonse. Ndiye mwamiza kumapeto kwake mpaka pansi penipeni pa sump. Ikamira kwambiri chotero mpweya umalephera kutuluka, umadzikundikira, kenako umageya kamodzi, ndiye gubudu mumamva uja. Imire masentimita awiri kapena atatu okha. Ya mlonda ithere pamwamba pa madzi pang'ono kuti ikagwira ntchito imveke.

Mayi wa Mbuna ku Senga Bay: Pachithunzipo ndikuonanso pampu yakhala pagalasi penipeni, yolumikizidwa ndi PVC youma mpaka m'mwamba. Paipi ikadzakhala chete mudzayamba kumva kung'ung'udza kwa kabati yonse, poti thabwa limakuza kunjenjemera ngati ng'oma. Ine ndimadula patapata wakale, kumutsuka bwino, n'kukhazikapo pampu. Pakati pa pampu ndi PVC ndimaikapo kachidutswa ka paipi yofewa, kotalika ngati chikhatho.

Koma chimene ndabwerera ndi magetsi. Musachoke pamalopo musanayese kuzimitsa. Pamwamba pa thanki yanu, sentimita imodzi ndi malita pafupifupi 11. Madzi akatsika masentimita atatu, malita oposa 30 akupita ku sump, kuwonjezapo a m'bokosi ndi a m'mapaipi. Malo a madzi amenewo mu sump alipo? Ndipo paipi yobweza ija mukaidutsitsa pamwamba pa galasi, magetsi akazima idzakoka madzi chobwerera mpaka pamene pathera mlomo wake. Mlomowo ukhale pafupi ndi pamwamba, mubooleponso kabowo pansi pang'ono pa msinkhu wa madzi kuti kukokako kuduke. Kabowoko kamatsekeka ndi ndere, muuze mnyamata wodyetsa nsomba azikatokosa ndi kamtengo Loweruka lililonse. Malo ogona alendowo ali ndi jenereta, ndiye pampu izizima ndi kuyaka kangapo tsiku limodzi. Nthawi iliyonse paipi iyenera kuyambanso kukoka yokha popanda munthu kuigwira.

Wamagalasi wa pa Kamuzu Road: Akuluakulu, ndabwera kudzathokoza. Ndagwira dzulo tsiku lonse. Gate valve ya pulasitiki sindinaipeze, ndaika ball valve, ndipo a ku Chipoka simunaname, yanditengera pafupifupi ola kuti ndiipeze pamalo pake. Pampu ndaichepetsa, ndowa ikudzaza pa masekondi 31. Ndinatseka valavu yonse dala kuti ndione mlonda: analira ngati ng'ombe koma anameza madzi onse, m'thanki simunasefukire. Ndazimitsa magetsi kasanu. Sump ikutsala ndi masentimita anayi kuti idzaze, ndipo pampu ikayaka paipi imatsokomola pafupifupi mphindi imodzi kenako n'kukhala chete. Usiku ndinakhala m'chipinda choyamba chija chitseko chotseka, ndimangomva mafunde ndi achule. Bwana wapereka theka, akuti lina sabata ikatha osamva kanthu.

Chatsala n'chimodzi. Mmawa uno ndapeza madzi a m'bokosi atsika ndi sentimita imodzi kuchoka pamene ndinawasiya.

Madala a ku Nkhotakota: Musakhudze valavu msanga. Yang'anani kaye chipinda cha pampu mu sump. Ndi kutentha kwa ku Salima kuno madzi amauma tsiku ndi tsiku, ndipo amaonekera kuchepa m'chipinda chimenecho. Akatsika, pampu imakweza madzi mtunda wotalikirapo, mphamvu imachepa pang'ono, ndiye m'bokosi namonso amatsika. Jambulani mzere ndi pentopeni pagalasi la sump, mnyamata uja azithira madzi kufika pamzerepo mmawa uliwonse. Siponji ya pampu nayonso muione ngati yagwira zinyalala.

Wamagalasi wa pa Kamuzu Road: Ndathira malita asanu ndi limodzi, abwerera pamlomo pa mlonda. Mayi, patapata uja ndinadula wa mkazi wanga, nkhani yake sinathe kunyumba.