Hook grip pa deadlift: wophunzira wanga akulira ndi chala chachikulu

Kochi wa ku Ndirande: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndithandizeni nzeru. Ndili ndi mtsikana amene ndikumukonzekeretsa mpikisano wa powerlifting, masewera onyamula zitsulo zolemera. Miyendo ndi msana zili bwino kwambiri, koma pa deadlift, kuja konyamula chitsulo kuchokera pansi mpaka kuima chilili, akafika pa makilo 120 chitsulo chimamupulumuka chikangodutsa mawondo. Mixed grip, ija dzanja limodzi limayang'ana kutsogolo lina kumbuyo, imamugwirira ntchito, koma chitsulo chimakhotera mbali imodzi ndipo akudandaula kupweteka mkati mwa chigongono cha dzanja lotembenuzalo. Ndamuyambitsa hook grip, ija zala zinazo zimapanikiza chala chachikulu ku chitsulo. Chala chachikulu chatupa, chikhadabo chada, ndipo akuti bola abwerere ku zakale. Ndimukakamize kapena ndimusiye?

Kochi wa ku Area 25: Msiyeni achimwene. Anthu ambirimbiri akunyamula makilo 300 ndi mixed grip osavulala. Mtsikana wa manja aang'ono mukumuzunziranji? Masiku olimbitsa thupi azimanga masitirapu, malamba aja omangira manja ku chitsulo, basi. Eddie Hall, katswiri wonyamula zolemera uja, ananyamula makilo 500 mu 2016 atamanga masitirapu.

Mayi wa weightlifting, Zomba: Bambo a ku Area 25, Eddie Hall anali pa mpikisano wa strongman, masewera ena oyesa mphamvu, kumene masitirapu amaloledwa. Mwanayu akupita ku powerlifting, ndipo malamulo a IPF, bungwe loyendetsa powerlifting pa dziko lonse, salola sitirapu kapena magolovesi. Tsiku la mpikisano adzakhala yekha ndi manja ake. Za manja aang'onozo ndikuvomera pang'ono, koma ife a snatch ndi clean, manyamulidwe a ku weightlifting, timaphunzitsa hook grip ana asukulu, ndipo amazolowera. Achimwene a ku Ndirande, musanaganize zomusiya, tiuzeni kaye: chitsulo chimene akugwiracho n'chotani?

Kochi wa ku Ndirande: N'chowotcherera konkuno amayi. Anatipangira amisiri a mumsika. Cholimba bwino, sichipindika.

Mayi wa weightlifting, Zomba: Tengani ulusi muzunguliritse pamene amagwirapo, kenaka muuyeze pa rula. Chitsulo cha mpikisano chimanenepa mamilimita 28 kapena 29, ndiye ulusiwo uyenera kukwana 88 mpaka 91. Ukapitirira pamenepo, vuto layambira pomwepo.

Kochi wa ku Ndirande: Ndayeza. Wakwana 101. Ndiponso n'choterera, chilibe mano aja okanda m'manja.

Mayi wa weightlifting, Zomba: Ndiye kuti chikunenepa mamilimita pafupifupi 32. Pa chitsulo chotero ngakhale mwamuna wa zala zazitali angavutike. Hook grip imafuna kuti chala cha mkombaphala ndi chapakati zifike pamwamba pa chala chachikulu n'kuchipanikiza ku chitsulo. Chitsulo chikanenepa, zala ziwirizo zimangokhudza nsonga ya chikhadabo, ndipo kulemera konse kumathera pansongapo. N'chifukwa chake chada. Ife akazi pa weightlifting timagwiritsa ntchito chitsulo cha makilo 15 chonenepa mamilimita 25 pa chifukwa chomwechi cha manja. Ku powerlifting kulibe mwayi umenewo, akazi ndi amuna amagwira chimodzi cha makilo 20, komabe 29 ndi 32 n'zosiyana kutali m'dzanja la mwana wamkazi.

Mkulu wa zitsulo, Johannesburg: Ndalowa mochedwa ana anga, koma ndawerenga zonse. Amayiwo anena zoona za chitsulo. Ine ndionjezere za kagwiridwe, chifukwa ngakhale mutapeza chitsulo chabwino, akagwira molakwika adzaliraso.

Ambiri amayamba ndi kufumbata chitsulo ndi zala zinayi, kenaka n'kumasokeka chala chachikulu pansi pake. Ayi. Ayambe ndi kukanikiza mpata wa pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala pa chitsulo, chala chachikulu chizungulire kaye mpaka pamene chingafike, ndipo chigone mopendekera kutsata utali wa chitsulo, osati kupindika ngati akufinya nkhonya. Zikatero zala ziwiri zija zibwere pamwamba. Zipanikize gawo la chala kuyambira pa chikhadabo kufika pafupi ndi mfundo, koma osati pa mfundo penipenipo. Akamva kupweteka mkati mwa mfundo, atule, agwirenso.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene makochi ambiri sanena: asafinye ndi mphamvu zonse. Munthu wozolowera kugwira wamba amadziwa kuti akapanda kufinya chitsulo chigwa, ndiye amabweretsa mantha omwewo ku hook grip n'kudziphwanya chala yekha asanayambe n'komwe kukoka. Kagwiridwe aka kali ngati mfundo ya chingwe cha mbuzi, chikamakokedwa m'pamene chimamanga. Iye angotseka zala, awongole mikono, akoke pang'ono mpaka chitsulo chikhazikike m'munsi mwa zala, kenaka akankhe pansi ndi miyendo. Kulemerako n'kumene kudzatseke.

Kochi wa ku Area 25: Madala, zonsezi n'zabwino, koma phindu lake n'chiyani kwenikweni poyerekeza ndi mixed grip? Ine ndikuona kupweteka kokha.

Mkulu wa zitsulo, Johannesburg: Chitsulo chimapulumuka chifukwa chimagubuduka n'kutsegula zala. Mixed grip imaletsa kugubudukako potembenuza dzanja limodzi. Hook grip imakuletsa ndi chala chachikulu, manja onse akuyang'ana mofanana. Ndiye mapewa amakhala molingana, chitsulo sichikhota. Komanso dzanja lotembenuza lija limakoka mnofu wa biceps, wa kutsogolo kwa mkono pamwamba pa chigongono, ndipo munthu akapinda chigongono pang'ono chabe ali ndi katundu wolemera, mnofuwo umatha kuduka pamene umalumikizana ndi fupa. Kukonza kwake ndi opaleshoni. Sindikunena kuti aliyense zimamuchitikira, ambiri amatha zaka osavulala monga mwanenera. Koma mwanayu wayamba kale kumva kupweteka pamalo omwewo. Pamenepo ine sindingadikire. Brad Gillingham wa ku America, munthu wa IPF, ankakoka makilo pafupifupi 400 ndi hook grip, ndiye musaope kuti idzamuchepera.

Namwino, amakonda jimu: Ndilankhuleko ngati wachipatala. Siyanitsani kupweteka kwa mitundu iwiri. Kuwawa kwa khungu ndi kupanikizika, kumene kumatha akangotula, n'kwa kuzolowera ndipo kumachepa pakapita masabata angapo. Koma chala chikachita dzanzi mpaka mawa lake, kapena akamamva ngati magetsi, ndiye kuti mtsempha ukupanikizika. Apume. Chikhadabo chakudacho ndi magazi oundana mkati, chisiyeni chipole kaye, asachiboole yekha. Chikamagunda usiku kapena kutuluka mafinya apite kuchipatala. Chigongononso achionetse ngati sichikusintha. Ndipo zikhadabo aziwenga, chachitali chimatukuka.

Kochi wa ku Ndirande: Zikomo asisi. Nanga pulasitala pa chala, amaloleza pa mpikisano?

Mayi wa weightlifting, Zomba: IPF imalola tepi yachipatala pa zala zazikulu, yokulunga kawiri. Fufuzaninso kwa okonza mpikisano wanuwo ngati akutsata malamulo omwewo. Gulani yansalu yotamuka, osati yapulasitiki yoterera ija ya mawaya a magetsi. Musamange zolimba, mfundo izitha kupindika. Choko nachonso n'chofunika, makamaka nyengo yotentha ino manja akamatuluka thukuta. Choko cha zitsulo ndi magnesium carbonate, cha pa bolodi kusukulu si chimodzimodzi. Apake kumbuyo kwa chala chachikulu komwe, chifukwa pamenepo m'pamene zala zinazo zimagwira. Paudala wa ana asafike m'manja, ameneyo ndi wa pantchafu.

Kochi wa ku Area 25: Chabwino, ndamva. Koma musamukoketse maseti okoka ka 8 kapena ka 10 motsatizana ndi hook grip. Ndikukana pamenepo. Zala zidzatha msana usanagwire ntchito.

Mkulu wa zitsulo, Johannesburg: Apo ndiye tagwirizana mphwanga. Maseti aatali amange masitirapu, palibe manyazi. Hook grip aziigwiritsa ntchito potenthetsa thupi, kuyambira chitsulo chopanda mapuleti, kukwera mpaka pamene chala chikulola. Pomaliza anyamule makilo 60 kapena 70, aime chilili masekondi 10, atule. Sabata iliyonse muzikweza pang'ono malire amene akugwira ndi hook, mpaka adzafike pokoka kamodzi kamodzi makilo ake enieni. Ngati mpikisano uli pafupi kwambiri, asasinthe kagwiridwe sabata yomaliza.

Kochi wa ku Ndirande: Mpikisano ukadali miyezi ingapo, nthawi ilipo. Ndalankhula ndi mnzanga amene ali ndi jimu m'tauni, ali ndi chitsulo chenicheni cha mano, wavomera kuti tizipita Loweruka kukakoka deadlift. Chathu chowotchereracho chikhale cha squat, ija yonyonyomala chitsulo chili pamapewa.

Kochi wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndabweranso. Chikhadabo chitapola tinapita. Pa chitsulo cha 29 chala chapakati chikufika bwinobwino pamwamba pa chikhadabo. Wakoka makilo 100 ndi hook grip, chitsulo chakwera mowongoka, chigongono sichinamve kanthu. Akuti chala chikuwawabe koma akatula chikusiya, dzanzi palibe. Vuto latsala dzanja lamanzere, limatseguka pang'ono akafika pamwamba. Madala a ku Johannesburg, ndikutumizirani vidiyo usiku uno muone ngati chala chachikulu chikugona bwino.

Mkulu wa zitsulo, Johannesburg: Tumizani. Mujambule chakutsogolo, pafupi, manja onse awiri aoneke.